Zochapa za kwa Saveta

Lawrence, Lachisanu pa 5 Januwale 2024, 10 koloko m'mawa

Mwana wanga Vainess,

Shalom wagona, ndiye ndati ndikhale pansi ndikulembere asanadzuke. Uli bwanji ku South Bend? Chifuwa chija chinatha? Ine ndilipo ngati mbuzi ya pachingwe. Ikudya, ikunenepa, koma kaifunse ngati ili bwino.

Kalatayi ndipatsira a Hamilton Lamulungu kumapemphero a Amalawi, poti ndiwo amabwera kuchokera kwanuko kamodzi pa mwezi. Usayankhe pa positi. Kiyi wa bokosi la makalata amasunga Pamela, ndipo mlamu wakoyo amayamba wang'amba envulopu kenako n'kumawerenga dzina. Za foni usanene n'komwe. Chikanganirane iwe ndi mlongo wako Dixon za kumene ine ndizikhala, ngati ndine mpando, dzina lako likatuluka pafoni nyumba yonse imatchera khutu. Ukawerenga uijambule, utumize kwa mayi ako aang'ono Felesita ku Tsangano, naye adziwe kuti sindinafe.

Dixon ndi Pamela anandiitana kuno ku Amereka kuti ndidzalere mwana wawo Shalom miyezi isanu ndi umodzi. Uno ndi mwezi wa khumi ndi chinayi. Pasipoti ili m'kabati yokhoma, akuti mapepala anga ali m'njira, ndikatuluka m'dziko muno aonongeka. Kunja kulibe njira ya munthu wa miyendo. Tsiku lina ndinati ndikagule ndekha mchere, ndinayenda m'mphepete mwa msewu, apolisi n'kuima, n'kundibweza kunyumba ngati mwana wothawa sukulu. Kuyambira pamenepo Dixon anati, "Amayi, malire anu ndi masitepe." Iye ndi mkazi wake amachoka kusanache kupita kuntchito kuchipatala, amabwera ali ngati nsanza zonyowa. Ndimayankhula ndi mwana wa chaka chimodzi ndi firiji.

Koma ndapeza mnzanga, ndipo ndi chimene ndalembera. Khomo loyang'anana ndi lathu muli anthu ochokera ku Romaniya. Dixon amawatchula majipise, koma mayi wamkulu wa m'menemo anadzimenya pachifuwa n'kunena kuti Aromani. Osati Aroma a kwa abambo mfumu ayi, uwu ndi mtundu. Dzina lake Saveta. Ndi wa msinkhu wanga, siketi yofika m'mapazi, mpango kumutu ngati mayi wa Mvano, mano awiri agolide. Chizungu chake ndi changa zikhoza kukwana m'kapu imodzi.

Tinakumana pansi, m'chipinda cha makina ochapira, kumene kumatentha bwino. Mayi ameneyu amachapa modabwitsa. Malaya a amuna makina akeake, masiketi makina ena, nsalu za m'khitchini amachapa pamanja m'beseni lake. Makina atatu zovala zosadzaza ngakhale amodzi. Ndinamuuza m'Chichewa kuti, "Mayi inu ndinu owononga." Iye anandiyankha m'chiyankhulo chake mawu ataliatali, ndipo ndikhulupirira ananditukwana bwino. Tinaseka mpaka kukhala pansi.

Tsopano tsiku lililonse Shalom ndimamubereka, timakakhala pamasitepe. Saveta amabwera ndi khofi wakuda ngati phula. Ali ndi kapu yanga yanga, yobiriwira, imene sapatsa wina aliyense. Taona ulemu umenewo. Naye ndi womangidwa ngati ine. Amuna ake a Vasile ali gone, mapapo anatha, ana ali kokonza magalimoto ophwanyika, iye sadziwa kuwerenga ngakhale nambala ya basi.

Vuto ndi ili. Manejala wa nyumba zino akuyendetsa pepala lakuti anthu amenewa achoke. Akuti ndi ambiri, alendo sathera, magalimoto amadzaza pabwalo. Asayina kale anthu atatu, koma akufuna dzina la ife oyandikana nawo khomo, poti lathu ndilo lolemera. Dixon pepalalo waliika pamwamba pa firiji. Amati, "Anthu amenewa amadziwika dziko lonse, Amayi, muzikhoma." Ndinamufunsa kuti anakubera chiyani. Akuti palibe, koma anaona pa intaneti. Iwe Vainess, meza mkwiyo wako umuimbire mlongo wako asasayine. Akachoka Saveta, ine ndibwerera kwa firiji.

Unditumizire masokosi aubweya ndi nkhani.

Mayi ako,
Esnati Nangozo

Tsangano, pa 16 Januwale 2024

Akulu anga,

Moni wochuluka. Kuno tili bwino, kupatula bondo langa ndi mvula imene yabwera mwaulesi. Kachewere wanu wa kudimba ndinakumba, theka anawola.

Vainess wanditumizira kalata yanu pafoni ndipo ndawerenga kawiri. Ine sindinamve pamene pali vuto. Mukudandaula kuti simuyenda? Bwerani mudzayende kuno, chigayo chinasamukira kumsika. Mukuti mumayankhula ndi firiji. Ife tikanakhala nayo bwenzi tikuiyankhula ndi ulemu. Anthu kuno akamandifunsa ndimati akulu anga ali pa mpumulo, ndiye musandichititse manyazi ndi nkhani za apolisi.

Za anzanuwo, ine ndikuti chenjerani. Munthu amene simudziwa kumene kuli manda a makolo ake, mumacheza naye pakhonde, osati m'nyumba. Komabe ndisaname. Mukukumbuka Mburundi uja wa golosale pamphambano, amene ankatsegula tambala asanalire? Chaka chatha apolisi anabwera kudzamutenga kupita naye ku Dzaleka pamodzi ndi ana. Anthu anaombera m'manja, amati amatilanda malonda, amati ali ndi mankhwala. Inenso ndinaomba nawo pang'ono. Lero golosale ija muli mbuzi, ndipo machesi timakagula kutali. Palibe amene amatchula dzina lake. Ndipo paja ifenso amayi athu anachokera tsidya ilo la Mozambiki, anafa anthu akuwatchulabe obwera.

Ndiye sindikudziwa chokuuzani. Dixon ndi mwana wophunzira, mwina akuona zimene inu simukuona. Musalimbane naye, ndiye wakusungani.

Mukapeza wobwera munditumizire jekete lija munanena, ndi mankhwala opaka pabondo.

Mng'ono wanu,
Felesita

South Bend, pa 28 Januwale 2024

Amayi,

Ndili bwino, chifuwa chinatha. Masokosi ndi kalata ya amayi aang'ono zili mu envulopu yomweyi. A Hamilton abweretsa Lamulungu likudzali.

Dixon ndinamutekisita kawiri, sanayankhe. Ndiyesanso. Koma pali china chofunika kwambiri, chonde muwerenge mofatsa.

Kuntchito ndili ndi mnzanga namwino, dzina lake Melissa. Tagwira limodzi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo nthawi yonseyi amati kwawo ndi ku Girisi. Pa buleki ndinkawafotokozera anzanga za kalata yanu, za makina atatu aja, tonse n'kumaseka. Melissa sanaseke. Titaweruka ananditsatira mpaka pagalimoto, n'kunena kuti, "Vainess, ine ndine mmodzi wa anthu amenewo. Usauze munthu muno."

Tinakhala m'galimoto ola lathunthu. Akuti agogo ake anachokera ku Ulaya, ndipo kulikonse mtundu wawo uli ndi dzina loipa lowadikirira asanafike. Ku Romaniya makolo awo anali akapolo zaka mazanamazana. Pa nkhondo ya Hitler anaphedwa ambirimbiri. Msuweni wake ku Slovakiya anaikidwa kalasi ya ana ovutika kuphunzira pamene mutu wake unali bwinobwino. Ena ku Falansa amawagwetsera misasa. Kuno ku Amereka akuti n'kwabwinoko chifukwa ukhoza kubisala. Bambo ake anamuuza ali mwana kuti ukafuna nyumba ya lendi kapena ntchito, ndiwe Mgiriki.

Tsono za kuchapa. Akuti si kuwononga ayi, ndi mwambo, ndipo mabanja ena anausiya koma achikulire ngati a Saveta amausunga kwambiri. Kwa iwo thupi lili pawiri. Kuyambira m'chiuno kupita kumwamba n'koyera, kupita kumunsi n'kodetsedwa. Siketi siikhudzana ndi malaya, ndipo chilichonse chokhudza chakudya, kaya mbale, kaya nsalu ya patebulo, sichiyandikira zovala kapena bafa. Zikasakanikirana sopo sathandiza, amangotaya. Kapu yobiriwira ija ndi ya mlendo amene si wa mtundu wawo. Musakhumudwe nazo. Melissa akuti mayi wachikulire kukusungira kapu m'nyumba mwake ndiye kuti wakulandira kwambiri.

Ndiye Amayi, ndikukudziwani. Mukalowa m'nyumba ya munthu manja anu sakhala pansi. Kwa a Saveta musachape kanthu, musatsuke kanthu, musakhudze za m'khitchini. Ndipo kukagwa zovuta, poti mwati bambowo akudwala, akuti pamaliro achibale sasamba kapena kupesa mpaka ataika, ndipo katundu wa womwalira amamuchotsa yense m'nyumba. Inu mukangokhala nawo pansi basi, n'zokwanira.

Ndakusowani. Chipinda chanu kuno chikadalipo.

Vainess

Lawrence, Lachitatu pa 21 Febuluwale 2024, 2 koloko masana

Vainess,

A Hamilton sanabwere mwezi uno, akuti anagwa pa sinowo, madzi oundana aja, n'kuthyoka mwendo. Ndiye kwa iwe sindinamve kanthu, kwa Felesita sindinamve kanthu. Ndikulemba kuti mtima ungatsike, kalatayi idikira mpaka Malichi.

Uiwale zonse ndinakuuza za mayi uja. Ndinali chitsiru.

A Vasile anamwalira pa 9, kuchipatala. Pofika madzulo pabwalo panalibe poponda. Magalimoto a ku Chicago, a ku Ohio, ena sindidziwa. Anthu m'masitepe, m'khonde, amuna ndevu zosameta, akazi tsitsi losapesa, kulira kwake kofanana ndi kwathu, kotulutsa mawu, osati kwa azungu kofinya m'kansalu. Ndinamva ngati ndafika kumudzi. Dixon anati tisatuluke. Ine ndinati, "Bambo ako atamwalira anakumba manda ndi anthu a pa intaneti? Maliro n'kulirana." Ndinamanga chitenje, Shalom kumsana, ndinalowa.

Saveta anandigwira manja onse awiri, tinalira limodzi. Tsiku loyamba ndinangokhala. Tsiku lachiwiri ndinayang'ana nyumba ija. Mbale mulu, makapu paliponse, nsalu za patebulo zothimbirira khofi, zovala zili m'madengu atatu pakona, palibe ndi mmodzi yemwe wogwira madzi. Ndinati anthuwa chisoni chawafoola. Kwathu namfedwa sagwira ntchito, imeneyo ndi ntchito ya woyandikana naye. Tsiku loika, onse atapita kumanda, anasiya chitseko chosakhoma chifukwa cha nkhalamba ina yosayenda imene inali m'tulo. Ndinati mpata ndi uwu.

Mwana wanga, ndinagwira ntchito ngati mtsikana. Madengu atatu aja ndinakhuthulira pamodzi, masiketi, malaya, matawulo, nsalu za patebulo, zopukutira mbale, ndi zofunda za malemu zomwe. Makina awiri okha zinakwana, osati zowononga zake zija. Mbale zinali zambiri moti sinki sinakwane, ndiye ndinadzaza bafa madzi otentha n'kutsukira m'menemo, mpaka makapu a maluwa agolide amene amakhala m'kabati ya galasi. Ndinasita, ndinapinda, ndinasanja patebulo bwinobwino. Msana unkachita kuyaka koma mtima unali mbee.

Atabwera, ndinaima pakhomo kudikira. Woyamba kulowa anali mpongozi wake wa Saveta, Mirela, amene amadziwa Chizungu. Anayang'ana patebulo, anayang'ana kubafa kumene ndinayanika makapu, n'kufunsa, "Who?" Ndinati, "Me." Mayi wina anagwira pakamwa. Saveta anakhala pansi pomwepo, pakhomo, n'kuyamba kulira kuposa mmene analirira amuna ake. Palibe anati zikomo. Mirela anangonditsegulira chitseko.

Kutacha ndinasuzumira pawindo. Pafupi ndi chibini cha zinyalala panali phiri. Matiresi a malemu, mpando wawo, masuti awo, zimenezo ndinati kaya, mwina ndi matenda. Koma pamwamba pake panali nsalu zimene ndinasita ine, zopindapinda momwe ndinazipindira. Mbale zonse. Makapu agolide aja ali m'katoni, ena osweka. Anyamata awo akutaya atagwira ndi mapepala apulasitiki, kuopa kukhudza.

Ine Nangozo ndakhala ndi moyo zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu. Ndasambitsa mitembo, ndaphikira maukwati, palibe anatayapo mbale chifukwa ndaigwira ine. Ndinayang'ana manja angawa. Ndinakumbuka kapu yobiriwira ija, imene ndinkati ndi ulemu. Ndinazindikira kuti inali kapu ya galu. Miyezi yonseyi mayi uja ankamwa nane khofi akunyansidwa ndi khungu langa. Anthu oti dziko lonse likuwathamangitsa, nawonso apeza woti azimunyansidwa, ndipo ndine.

Manejala anabwera kudzajambula phiri lija. Madzulo ake Dixon atafika ndinatsitsa ndekha pepala pafiriji.

Iye anati, "Amayi, anthu angoika maliro dzulo. Tidikire."

Ndinati, "Sayina. Si iwe unkati amadziwika dziko lonse?"

"Ndinkangonena. Sanatilakwire kanthu."

"Andilakwira ine. Kapena ine si kanthu?"

Anasayina. Ndipo pansi pake panali malo a munthu amene amakhala pakhomo masana, woona zonse. Ndinauza Pamela alembe kuti m'nyumba muja mumagona anthu oposa khumi, kuti phokoso silitha, kuti mwana wathu sagona. Shalom amagona ngati mwala, koma ndinatero. Ndinalemba dzina langa ndekha, zilembo zonse, mmene anandiphunzitsira a Gomani mu Sitandade 3.

Dzulo Saveta anagogoda. Ndinamuona pakabowo ka chitseko, atavala zakuda, atanyamula khofi. Sindinatsegule. Akamwe ndi azungu.

Mlongo wako usamuimbirenso, nkhani inatha.

Mayi ako

Lawrence, Lachiwiri pa 5 Malichi 2024, 9 koloko m'mawa

Vainess,

A Hamilton anabwera dzana ndi ndodo. Anandipatsa envulopu yako, ine n'kuwapatsa yanga ija. Ndikanadziwa ndikanawalanda. Ndinatsegula yako m'galimoto pobwerera, ndipo pofika pa Lafayette Road pamene Pamela anaima kugula ufa, ndinali nditawerenga katatu. Masokosi ndalandira. Sindinawavale.

Kalata inalembedwa pa 28 Januwale. Inakhala m'thumba la jekete la a Hamilton masabata asanu, ine ndili kalikiliki kutsukira makapu a eni ake m'bafa mosambira matako. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndadya mphika wonse. Makapu aja Saveta anandionetsapo tsiku lina, anandiuza ndi manja kuti anali a amayi ake, anawoloka nawo mayiko anayi atawakulunga m'masiketi. Ayi, ndanama, sakanawakulunga m'masiketi. Waona, ngakhale pano mutu wanga sunaphunzire.

M'mawa ndinamupeza Dixon akumanga nsapato.

Ndinati, "Pita kwa manejala ukachotse dzina lako ndi langa."

Anati, "Amayi, si msika uwu. Anawapatsa kale notisi. Pa 31 akhale atatuluka."

"Ukanene kuti mayi anga ananama."

"Ndikanene kuti munanama papepala losayina, mapepala anu ali ku imigireshoni? Mukufuna atithamangitse tonse?"

"Ndiye unasayiniranji? Mwamuna wamkulu ndevu pepeya, kumvera nkhalamba yokwiya."

Anati, "Inu mukakwiya alipo amene anakukanizanipo?" N'kutuluka.

Kwathu wolakwa amapita ndi nkhuku. Kuno nkhuku yamoyo ndiipeza kuti? Ndinatsegula firiji, ndinatenga youma gwa ya m'sitolo, yosatsegula, ili m'pulasitiki yake momwemo, kuti asanene kuti ndaikhudza. Ndinakagwada pakhomo pawo pakapeti wa m'khonde, n'kugogoda m'munsi mwa chitseko.

Anatsegula Mirela. Mkatimo makatoni okhaokha. Ataona nkhuku anafuna kuseka, koma sanaseke. Anaitana apongozi ake. Saveta anabwera, waonda, mpango wakuda. Ndinati, "Sorry. Wash. Me no know." Mirela anamasulira. Saveta anapukusa dzanja ngati akuingitsa ntchentche, n'kuyankhula. Mirela anati, "Akuti zimenezo anadziwa tsiku lomwelo kuti simunadziwe. Akuti analira makapu, sanalire inu. Anabwera ndi khofi kudzakuuzani, simunatsegule."

Kenako Mirela analowa, n'kubwera ndi pepala. Manejala anawapatsa kope. Analoza dzina la Dixon. Saveta anati m'Chizungu chake chija, "Your son. Bad." Anandisisita paphewa, kundimvera chisoni kuti ndinabereka mwana woipa. Iye sadziwa kuwerenga, Vainess. Dzina lapansi sanalione, ndipo Mirela anali ataliphimba ndi chala. Mtsikana uja anandiyang'ana m'maso, chala chili pomwepo. Amandipatsa mpata woti ndikhale chete.

Ndipo ndinakhala chete. Ndinagwedeza mutu, ndinati, "Yes. Bad." Ndinagulitsa mwana wanga pakhonde chifukwa cha dzanja la paphewa. Saveta analandira nkhuku, anati mawa khofi.

Lero ndi mawa lakelo. Ndamva chitseko chawo chatseguka, wakhala kale pamasitepe. Ndikupita. Sindikudziwa ngati khofiyo atsike.

Mayi ako

Lawrence, pa 12 Malichi 2024

Vai,

Ndikudziwa sitikuyankhulana, ndipo mameseji ako ndinawaona. Ndalemba pamanja chifukwa pafoni tikangoyamba timathera kukuwa.

Amayi sakudya bwino. Amapita pamasitepe kukakhala ndi mayi uja, akabwera amakadzitsekera. Sakunditukwananso, ndiye ukudziwa kuti zafika poipa.

Ndinapita kwa manejala, usaganize kuti sindinayese. Ndinati tikufuna kuwithidirowa komplenti. Anaseka, akuti zinapita kale kwa eni nyumba, ndipo akuti, "Inu ndinu matenanti abwino, simuli ngati iwo." Ndinathokoza, Vai. Ndinatuluka ndikunyansidwa ndekha. Chaka chatha yemweyo anandiimitsa pabwalo kundifunsa ngati ndimakhala pano, ndili mu yunifomu. Kuchipatala odwala ena amakana kuti ndiwagwire. Ndiye pamene anayamba kuloza khomo linalo osati lathu, ndisaname, ndinapuma. Ndi chifukwa chake pepala lija sindinalitaye, ngakhale sindinkafuna kulisayina.

Mapepala a Amayi akuti mwina miyezi ina isanu ndi itatu. Sangapite kumudzi, ndipo ife popanda iwo deyikeya yosiyako mwana sitingaikwanitse. Ndikudziwa mmene zikumvekera. Ukapeza wikendi bwera udzawaone. Sindidzayambitsa nkhani.

Dixon

Lawrence, Lachisanu pa 5 Epulo 2024, 11 koloko m'mawa

Mwana wanga Vainess,

Moni. Ndamva kuti mlongo wako anakulembera. Anandiuza yekha. Ubwere, koma si za zimenezo.

Saveta ndi anthu ake anapita Loweruka lapitali. Masabata atatu ndi theka ndinamwa khofi wa mayi uja tsiku ndi tsiku. Tsiku lililonse ndinkatuluka nditakonza mawu, tsiku lililonse ndinkabwera nawo. Iye ankandiphunzitsa mayina a zinthu m'chiyankhulo chawo, ankamuseweretsa Shalom, ndipo Dixon akamadutsa ankatembenukira kukhoma n'kulavula pang'ono. Mwana wanga ankangoti, "Good morning," n'kutsika. Anadziwa chimene ndinachita, sananene kanthu.

Loweruka magalimoto anabwera anayi ndi thiraki imodzi. Sanachite phokoso. Anthu amenewa kunyamula katundu amakudziwa ngati ife kupalira, aliyense amadziwa chogwira, pa maola awiri nyumba inali mbee. Azungu a m'mwamba anaima pamawindo ndi makapu awo. Ndinafunsa Mirela kuti mukupita kuti. Anati kwa achibale kaye, mbali ya Chicago, kenako kaya. Anati, "Dzina likalowa m'kompyuta ya eni nyumba limakutsatira. Mwina tikakhala Ataliyana." Ananena akumanga chingwe, osandiyang'ana.

Saveta anatsika pomaliza. Pa sitepe yathu ija anaima, anandigwira kumaso ndi manja awiri, n'kundipsompsona pamphumi. Pamenepo ndinati ndinene. Ndinadzimenya pachifuwa, ndinati, "Paper. Me. Me write." Iye anagwedeza mutu akumwetulira, anati, "Yes, yes, write," akuonetsa ndi dzanja ngati munthu wolemba kalata. Ankaganiza kuti ndikulonjeza kumulembera. Ndinayang'ana Mirela kuti amasulire. Mirela anati, "Mwachedwa, mama," n'kumugwira mkono apongozi ake kupita nawo kugalimoto.

Ndinawatsatira mpaka pamene pathera udzu, pamene payambira msewu wopanda njira uja. Pamenepo ndiye malire anga. Ndinaima ndi mwana kumsana mpaka thiraki inakhota.

Khomo lija alipaka penti. Mulowa mnyamata ndi agalu awiri.

Tsono tamvera. Iye akudikira kalata, ndiye nayi, ndi yomweyi. Ine adiresi ndilibe, Chizungu ndilibe, iyenso kuwerenga sadziwa. Koma unati anthu amenewa amakumana pamaliro ndi pamaukwati kuchokera kutali. Mnzako Melissa ali ndi amayi ake, amayi akewo ali ndi anzawo. Wina akudziwa mkazi wa malemu Vasile, wa mano awiri agolide, amene ankakhala ku Lawrence. Ndikudziwa kuti ndikupempha mtsikana wobisala kuti atulutse mutu chifukwa cha nkhalamba imene inathamangitsa anthu ake. Akakana usamukakamize, ali ndi chifukwa. Koma umuwerengere makalata onsewa, ndi ya Febuluwale ija, usadumphe mzere ngakhale umodzi pofuna kundiveka.

Akavomera, mawu oti ayende ndi awa, asawonjezere shuga. Saveta, mwana wanga Dixon si woipa, anakana, ndinamukakamiza ndine. Za zochapa sindinadziwe. Za pepala ndinadziwa. Ndinanama kuti mwana sagona, ndipo dzina lapansi lija, limene Mirela anaphimba ndi chala, ndi langa.

Akamva, alavule kumene kuli koyenera.

Ujambulenso utumize kwa Felesita, aleke kuuza anthu kuti ndili pa mpumulo. Ukatero upereke kwa Melissa, iye apereke kwa amayi ake, ipite dzanja ndi dzanja mpaka ikapeze mwini wake.

Ndine mayi ako,
Esnati Nangozo